Gogodela wabweranso, ulendo uno wadzera pa kompyuta

Agogo anga aamuna, omwe tonse tinkangowatchula kuti anganga, adali ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanzere. Ziwiri zinazo zidatsalira m'munda wa chimanga kumtunda kwa mudzi wathu, kunsi kwa phiri la Mulanje, usiku womwe gogodela adawaphulikira m'manja akudikirira nguluwe. Mfutiyo sidagulidwe kusitolo. Adaisula ndi mnzawo wina, mmisiri wa makasu ndi nkhwangwa, pamthunzi wa mtengo wa mango, ndi zitsulo zotola. Idalibe nambala, idalibe pepala, ndipo boma silidadziwepo kuti iliko. Dzanja litapola, anganga adabwereranso kwa mmisiri yemwe uja kukasulitsa ina, poti nguluwe sizidamve kuti mwini munda wavulala. Yachiwiriyo inkakhala kudenga, pakati pa udzu ndi phaso, ndipo ife ana tinkadziwa malo ake. "Aliyense woigwira," ankatero akutambasula manja onse awiri pamaso pathu, "azidzawerenga n'kulekeza pa eyiti ngati ine."

Ndidawakumbukira anganga pa tchuthi chapitachi, mwana wa mlongo wanga atabwera kumudzi ndi makina omwe adasonkherana ndi anzake a kusukulu ya uinjiniya. Amawatcha 3D printer. Kukula kwake ngati katoni ya sopo. Pambali pake pamakhala mkulungo wa ulusi wa pulasitiki, wonenepa kuposa wa mbedza. Ulusiwo umalowa m'kamlomo kotentha, umasungunuka, ndipo kamlomoko kamayenda uku ndi uku kakusanjikiza pulasitiki pang'onopang'ono, ngati momwe mayi woumba mbiya amasanjikizira dongo kuyambira pansi. Choti aumbe amauzidwa ndi chithunzi cha pa kompyuta. Tsiku limenelo mnyamatayo ankapanga kagiya ka mashini osokera a mayi ake, komwe adakasowa m'masitolo onse kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbe. Kanthu kochepa ngati chivindikiro cha botolo kadatenga maola atatu, ndipo magetsi atathima pakatikati adachita kuyambiranso.

Bambo wina woyandikana nafe, munthu womvera wayilesi kwambiri, adaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana kamlomo kaja. Kenako adafunsa:

"Mwanawe, ndinamva kuti makina amenewa kunja akupangira mfuti. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, bambo, ena akutero."

"Ndiye boma likudikira chiyani? Lingowaletsa asanachuluke."

Mphwanga adandiyang'ana. "Amalume, ndiye kuti kagiya ka amayi katha pamenepa."

Funso la bambo aja si lopusa, ndipo lafunsidwapo m'nyumba za malamulo za maiko olemera. Koma ndikuti yankho lawo ndi lolakwika, ndipo likhoza kulakwika kwambiri kuno kuposa kwina kulikonse. Lamulo lathu la mfuti likufunikadi kukonzedwa kuti lidziwe za mfuti zopangira pa kompyuta. Koma lilondole mfuti, wopanga mfuti ndi chipolopolo. Makina liwasiye.

Nkhaniyi idayamba kumveka mu May 2013, pomwe Cody Wilson, mnyamata wa ku America yemwe panthawiyo ankaphunzira zamalamulo ku Texas, adaonetsa mfuti yaing'ono yomwe adaitcha Liberator. Mwa ziwalo zake 16, zokwana 15 zidali za pulasitiki yotuluka mu 3D printer. Gulu lake, Defense Distributed, lidaika mafayilo a mfutiyo, zithunzi zija za pa kompyuta zouza makina choti aumbe, pa intaneti kuti aliyense atenge. Patangopita masiku ochepa, unduna woona za ubale ndi maiko ena wa dziko la America udalamula kuti achotsedwe, ponena kuti kutero kunali ngati kutumiza zida kunja popanda chilolezo. Adachotsadi. Koma pofika nthawiyo mafayilowo adali atatengedwa kale maulendo oposa 100,000, ndipo ena adali atawaika pa masamba ena. Madzi akatayika sawoleka. Mlandu wa pakati pa gululo ndi boma udayenda zaka, mu 2018 adagwirizana kunja kwa khoti, zigawo zingapo za dzikolo zidakatsutsa, woweruza wina ku Seattle adaimitsa mgwirizanowo, ndipo nthawi yonseyi fayilo ija inkangoyenda m'makompyuta a anthu.

Liberator yeniyeniyo idali gogodela basi, wongovala malaya oyera. Inkawombera kamodzi, n'kufuna kuikamo chipolopolo china, ndipo pulasitiki ikatopa inkang'ambika. Apolisi a ku New South Wales ku Australia adapanga zawo mu May 2013 momwemo kuti aone, ndipo imodzi idaphulika poyesa. Anganga akadaona kanema ameneyo akadangogwedeza mutu. Pa chifukwa chimenechi anthu ambiri adaiseka nkhani yonse, n'kumati ndi zoseweretsa za anyamata osowa chochita.

Adaseka msanga. Mu 2014 gulu lomwe lija lidatulutsa makina ena, Ghost Gunner, omwe sasungunula pulasitiki koma amasema chitsulo motsogozedwa ndi kompyuta, mtundu womwe amisiri amautcha CNC. Mu 2020 munthu wina wa ku Germany, wodzibisa ndi dzina loti JStark1809, adafalitsa mfuti yotchedwa FGC-9, yomwe adaikonza dala kuti isafune chiwalo chilichonse chogula ndi chilolezo. Imeneyo si yoseweretsa. Asilikali atalanda boma ku Myanmar mu 2021, magulu ena olimbana nawo adaonekera atanyamula FGC-9 kunkhondo. Ku New York, apolisi adati mfuti yomwe adaipeza pofufuza za kuphedwa kwa mkulu wa kampani ya inshulansi, Brian Thompson, mu December 2024, idali ndi mbali yopangidwa pa 3D printer. Choncho wonena kuti vutoli kulibe akunama, kapena adasiya kutsata nkhani mu 2013.

Chomwe chimaopsa apolisi pa mfuti zimenezi si mphamvu yake, popeza ya ku fakitale imaiposabe. Ndi kusowa kwa mbiri. Mfuti ya ku fakitale imabadwa ndi nambala, nambalayo imalembedwa, ndipo ikapezeka pamalo a umbanda wapolisi amatha kuilondola: idapangidwa kuti, idagulitsidwa kwa yani, idasowa liti. Yopangira kuchipinda ilibe kwawo. N'chifukwa chake ku America amazitcha mfuti za mizukwa. China ndi choti pulasitiki yokhayokha sikuwa pa makina ofufuzira zitsulo a pa bwalo la ndege, ngakhale kuti dziko la America lidaletsa kale mfuti zosamveka pa makinawo mu 1988, 3D printer isadafike m'nyumba za anthu.

Maiko agwira njoka imeneyi malo osiyanasiyana. Japan sidadikire lamulo latsopano. Mu 2014 idamanga Yoshitomo Imura, wogwira ntchito pa sukulu ina yaukachenjede, chifukwa chopanga mfuti pa 3D printer, ndipo khoti lidampatsa zaka ziwiri pogwiritsa ntchito malamulo omwe adalipo kale oletsa kupanga ndi kusunga mfuti. New South Wales idapita patali: kuyambira 2015, kungopezeka ndi fayilo yopangira mfuti ndi mlandu wokhoza kufika zaka 14. Singapore idaika zofanana m'lamulo lake la 2021. Canada, mu 2023, idaletsa kusunga kapena kugawa mafayilowo ndi cholinga choti mfuti ipangidwe, ndipo mawu oti cholinga amenewa ndiwabwererenso. America, komwe munthu wamba amaloledwa kudzipangira mfuti m'zigawo zambiri, idalamula mu 2022 kuti ziwalo zogulitsidwa pamodzi zoti munthu akangolumikiza kunyumba zikhale ndi nambala ndipo wogula afufuzidwe, ndipo khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza lamuloli mu March 2025. Ku New York kudaperekedwanso ganizo loti wogula 3D printer aziyamba wafufuzidwa mbiri ngati akugula mfuti. Ganizo lomalizali ndi la bambo aja a pakhomo pathu, lavala tayi chabe.

Tsono tibwere kwathu. Lamulo lathu la mfuti ndi la mu 1967, Kamuzu atangokhala pulezidenti chaka chimodzi. Limafuna kuti wokhala ndi mfuti akhale ndi chilolezo, ndipo kaundula wake ali m'manja mwa apolisi. Olemba lamulolo ankaganiza za mfuti yomwe imabwera pa sitima m'bokosi, ya mwini esiteti ya tiyi, ya mlenje, ya mwini sitolo. Sakadalota kuti tsiku lina mfuti idzadutsa pa Muloza ili m'foni ya munthu, msilikali wa kasitomu n'kumufunira ulendo wabwino. Sindikuwadzudzula. Ndikudzudzula ife amene takhala nalo lamulolo zaka zoposa 50 ngati chithunzi cha agogo pakhoma. Chochititsa manyazi n'choti pangano la maiko a SADC lokhudza mfuti ndi zipolopolo lidasainidwa ku Blantyre konkuno, mu August 2001. Panganolo limauza maiko kuti kupanga mfuti mopanda chilolezo kukhale mlandu, mfuti zizikhala ndi chizindikiro, kaundula azisungidwa bwino, ndipo apolisi a maiko oyandikana azigwirira ntchito limodzi. Mlendo adadyera m'nyumba mwathu, malangizo adasiya patebulo pathu.

Koma tisananamizane kuti mdani wamkulu wa Mulanje ndi Thyolo ndi pulasitiki, tikumbuke komwe mfuti zathu zidachokera. Nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, idayamba mu 1977 n'kutha mu 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira m'dziko muno, ndipo ife a m'malire tidawalandira, ambiri ali abale athu enieni, poti mtsinje wa Ruo udagawa maiko koma sudagawe mbumba. Nkhondo itatha, AK-47 zambiri sizidabwerere m'nkhokwe za boma. Zina zidakwiriridwa, zina zidaoloka. Mu December 1993 asilikali athu adalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa iwo adathawira ku Mozambique komweko. Amene adakula m'zaka za m'ma 1990 kuno akukumbukira momwe mawu oti achifwamba adasinthira tanthauzo: kale adali a mipeni ndi zibonga, kenako adakhala a mfuti yolira ngati matalala padenga la malata. Malire athu ndi a madoko, a njira za njinga, a munda womwe mzere umodzi uli ku Malawi wina ku Mozambique. Munthu wofuna mfuti yeniyeni m'chigawo chino sangayambe wagula kompyuta, kuphunzira kuigwiritsa ntchito, kuitanitsa pulasitiki ku China, n'kumapemphera kuti magetsi akhale masiku atatu osathima. Ali ndi njira zachidule. Ndipo mlonda wa pa esiteti kapena mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto mukamufunsa chomwe amaopa usiku, adzayamba watchula chikwanje.

Ngakhale kunja komweko, makina si amene amapha. Shinzo Abe, nduna yaikulu yakale ya Japan, adawomberedwa ku Nara pa 8 July 2022 ndi mfuti yopanga pamanja, ya mapaipi omangidwa ndi tepi. M'dziko lomwe malamulo a mfuti ndi okhwima kuposa pafupifupi kwina kulikonse, wakuphayo adachita zomwe mmisiri wa anganga ankachita pansi pa mtengo wa mango. Kodi tiletse mapaipi? Tiletse makina owotcherera? Pa Luchenza, pa Limbuli, pa Bvumbwe, anyamata owotcherera mafelemu a mawindo ndi mageti ali ndi zida zokwanira kupanga chinthu choopsa kuposa Liberator, ndipo palibe adaganizapo zoti aziyenda ndi chilolezo cha kwa apolisi. Timadziwa kuti mwa amisiri zana, pafupifupi onse akufuna ya ufa basi. 3D printer ndi chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti ndi yachilendo, ndipo chachilendo timachiopa tisanachifunse dzina.

Apa ndi pomwe ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pomwe ife a kuno tikudziwa chinthu chomwe aphungu a ku Sydney ndi ku New York sadziwa. Mu September ndi October 2017, mphekesera ya anamapopa idayaka ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana. Anthu adatchinga misewu ndi miyala. Magalimoto adaphwanyidwa. Anthu adaphedwa ndi magulu olusa, ena chifukwa chongokhala achilendo pamalopo, ena chifukwa chonyamula chikwama chomwe wina sadachimvetse. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi, ndipo azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ndi zida zawo zantchito. Palibe adaonapo mnamapopa. Chidapha anthu ndi mantha pa zipangizo zosadziwika. Tsono talingalirani boma litalengeza pa wayilesi kuti pali makina ena, ooneka ngati katoni, amene amapanga mfuti, ndipo wopezeka nawo popanda chilolezo amangidwe. Uthengawo pofika kumudzi mawu oti chilolezo adzakhala atagwera m'njira. Chotsala chidzakhala choti mwana wa uje ali ndi makina a mfuti m'nyumba. Mphwanga sadzafika n'kupolisi komwe kuti akadzifotokoze. Lamulo loloza chala pa makina, m'dera lino, ndi chikuni choponya pa udzu wouma wa mwezi wa October.

Ndipo makinawo tikuwafuna. Ku Thyolo konkuno, pa Ndata, pali yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014. Ku Blantyre kuli MUBAS, yomwe tidazolowera kuitcha Poly. Ana omwe akuphunzira uinjiniya kumeneko ndi amene tikuyembekeza kuti adzatichotse manyazi otaya makina a mamiliyoni chifukwa cha kachiwalo ka pulasitiki kosaposa chala. Aliyense amene adalowapo m'chipinda chosungira katundu wowonongeka pa chipatala cha kumudzi akudziwa zomwe ndikunena: makina abwinobwino ali mbuu ndi fumbi, chifukwa kagudumu kena kadathyoka ndipo kampani yake ili kutsidya kwa nyanja. Mpope wa pa mjigo, chigayo, sipuleya ya mlimi wa tiyi, mwendo woikirira wa mwana wolumala, zonsezi zili ndi tiziwalo tomwe 3D printer ikhoza kuumba. Dziko losowa ndalama zakunja ngati lathu, kuika chilolezo cha apolisi pakati pa mwana wasukulu ndi makina amenewa ndi kudzitema nkhwangwa pamwendo. Chilolezo kuno timachidziwa: fomu ili ku likulu, wosaina wapita ku maliro, bwerani sabata ya mawa. Olemera adzadutsa, mwana wa mayi wosoka pa khonde adzasiya. Khoswe wakhala pa mkhate, ndipo bambo aja akuti tiponye mwala.

Nkhani ya fayilo ndiyo yandivuta, ndipo sindibisa kuti ndasinthapo maganizo kangapo. Poyamba njira ya New South Wales imaoneka yanzeru: ngati mfuti imayambira mu fayilo, gwirani fayiloyo isanabale. Koma onani momwe mafayilo amayendera kwathu kuno. Foni imodzi imagwiridwa ndi banja lonse. Pa WhatsApp zinthu zimangolowa zokha m'foni, kuchokera m'magulu omwe munthu adaikidwamo osapemphedwa. Pamsika uliwonse pali kashopu ka mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu mu memory card, amene amakopera mafoda athunthu kuchokera kwa mnzake osatsegula n'kamodzi komwe. Mlandu wa kungopezeka nacho, wopanda funso loti unkadziwa kapena unkafuna kuchita nacho chiyani, ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono: umakola matemba, ng'ona n'kuung'amba. Wodziwa kupanga mfuti pa kompyuta amadziwanso kubisa fayilo.

Tidaonapo kale zomwe lamulo lotambalala limachita m'manja mwa munthu wotopa ndi wolandira zochepa. Kwa zaka zambirimbiri gawo 184 la malamulo a milandu, lija la vakabu, linkalola kugwira munthu chifukwa chongopezeka pamalo pa nthawi yomwe wapolisi waikayikira. Ogwidwa adali mavenda olawirira kumsika, amayi ochokera ku ntchito usiku, anyamata opanda nsapato zabwino. Zidatengera venda mmodzi, dzina lake Gwanda, kuti khoti lalikulu ligamule mu January 2017 kuti ndime ya gawolo yomwe inkalola zimenezi ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo loti wapolisi azitsegula foni ya munthu pa rodibuloko kufunafuna fayilo ya mfuti lidzakhala vakabu wa m'thumba. N'chifukwa chake ndikuti titengere Canada, osati New South Wales. Wogawa fayilo, wogulitsa, wophunzitsa ena akudziwa kuti ikapangira mfuti, kapena wosunga ndi cholinga chopanga, ameneyo ayankhe mlandu, ndipo boma libweretse umboni wa cholingacho. Foni itsegulidwe ndi chilolezo cha khoti. Tili kale ndi lamulo la mu 2016 la zochitika pa intaneti, ndipo malamulo awiriwa akhoza kulumikizidwa popanda kupanga chilombo chatsopano.

Pali ena, makamaka anzanga ophunzira, amene akuti nkhani yonseyi ndi kutaya nthawi: dziko lomwe anthu ambiri alibe magetsi likambirane za 3D printer? Amenewa ndimawakumbutsa za foni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 foni ya m'manja idali ya mabwana, lero mayi wogulitsa nanazi pamsewu wa ku Muloza amalandirira ndalama pa foni. 3D printer yotchipa mtengo wake wafanana kale ndi wa foni yabwino. Sola ikulowa m'midzi momwe mawaya sadafike. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo lamulo lolembedwa mtembo uli pakhonde limakhala loipa nthawi zonse, chifukwa limalembedwa ndi mkwiyo, m'masiku atatu, aphungu akupikisana kuti wakhwimitsa kwambiri ndani. Tsiku lomwe mfuti yapulasitiki idzaphe munthu wodziwika ku Lilongwe, ganizo la bambo aja lidzadutsa m'Nyumba ya Malamulo popanda wotsutsa. Nthawi yolemba lamulo lofatsa ndi ino, pomwe palibe akulira.

Lamulolo silikusowa kukhala lalitali. Linene kuti mfuti ndi mfuti chifukwa cha zomwe imachita, kaya ndi ya chitsulo, ya pulasitiki kapena ya mtengo. Linene kuti chiwalo chachikulu cha mfuti, ngakhale chisadamalizidwe, chiwerengedwe ngati mfuti, kuti wina asamaitanitse zidutswa pa positi n'kumati ndi zitsulo chabe. Linene kuti kupanga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu womwewo, kaya wapangira pa mvukuto, pa makina owotcherera, pa CNC kapena pa 3D printer. Likatero silidzakalamba makina ena akadzabwera, chifukwa silidatchule makina kuti ndiwo olakwa.

Koma pakhosi penipeni pa njoka imeneyi ndi chipolopolo, ndipo ndimadabwa kuti okamba za mfuti zapulasitiki sachedwapo. 3D printer imaumba thupi la mfuti, koma siumba wonga. Liberator, FGC-9 ndi zinzake zonse zimadalira chipolopolo, ndipo chipolopolo chodalirika chimachokera ku fakitale. Muno m'dziko chimalowa m'njira ziwiri: yovomerezeka, ya asilikali, apolisi, alonda a nkhalango ndi eni mfuti a chilolezo, ndi ya madoko. Ngati chipolopolo chilichonse cha njira yoyamba chikuwerengedwa polowa ndi potuluka, ngati mwini mfuti ya chilolezo akufotokoza komwe zapita zomwe adagula chaka chatha asanagule zina, ngati kaundula wa mfuti achoka m'mabuku odyedwa ndi chiswe n'kulowa mu kompyuta yomwe wapolisi wa ku Thyolo ndi wa ku Karonga akuona chimodzimodzi, ndiye kuti mfuti yapulasitiki yasanduka chidole. Njira yachiwiri ikufuna apolisi athu ndi a ku Milange, kutsidya ku Mozambique, azidziwana maina, osati kumangokumana pa mwambo. South Africa ndi Mozambique adachitapo zotere kuyambira 1995 pa Operation Rachel, kufukula ndi kuwononga zida zokwiriridwa nthawi ya nkhondo. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ilibe chithunzi chokongola cha m'nyuzipepala ngati cha nduna itaima pambali pa makina olandidwa. Mwina n'chifukwa chake siikopa andale.

Chotsala ndi mfuti zomwe zili kale kudenga. Ku Mozambique, chaka chomwecho cha 1995, mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane idayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi mashini osokera, popanda kufunsa wobweretsa kuti adaitenga kuti. Bungwe la African Union lidakhazikitsa mu 2017 kuti September aliyense akhale mwezi wobweza mfuti popanda kuimbidwa mlandu. Ndi anthu angati ku Thekerani kapena ku Nkando amene adamvapo za mwezi umenewu? Ndipo atamva, ndani angakwere minibasi ndi gogodela m'thumba la feteleza, kudutsa rodibuloko, kukagogoda pa kauntala ya polisi, akukhulupirira kuti abwerako tsiku lomwelo? Chikhululukiro chimenechi chilembedwe m'lamulo lenilenilo, ndipo mfuti izikaperekedwa kwa mfumu kapena kwa abusa ndi mashehe, apolisi n'kudzatenga kumeneko. Khomo lomwelo lidzathandiza mnyamata amene mwachibwana adzaumbe chinthu pa 3D printer usiku, m'mawa n'kuchita nacho mantha.

Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa komwe gogodela wachiwiri wa anganga adathera. Atamwalira, sadaka itatha, amalume aakulu adakwera pa mpando n'kumutsitsa kudenga. Adakhala pansi anthu atatu kukambirana. Wina adati apite naye kupolisi, koma amalume adafunsa kuti akakafunsidwa pepala akayankha chiyani, popeza mwini wake wagona kumanda ndipo womunyamula ndiye adzakhale mwini. Wina adati pali munthu kutsidya kwa Ruo amene angagule. Amalume adakana. Usiku womwewo adamukulunga m'chiguduli n'kumuponya m'chimbudzi chakale kuseri kwa nyumba. Dzenjelo lidakwiriridwa kalekale, ndipo pamalopo pali phata la nthochi lomwe mlongo wanga amadulapo mikoko yokagulitsa pa Chitakale.